Supavaiza akuti ndikulemba ngati ndikucheza, nanga ndikonze chani kwenikweni?

Uthenga uwu wachokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chomaliza ku yunivesite, akuchita za uphunzitsi. Ndaufupikitsa pang'ono koma mfundo zake zonse zilimo.

"Aphunzitsi ndithandizeni chonde mutu waima. Ndikulemba dissertation (pepala la kafukufuku lomalizira digiri) yokhudza atsikana amene amasiya sukulu m'ma CDSS a kwathu. Chaputala 1 ndi 2 ndinapereka kwa supavaiza, zabwerako zofiira zokhazokha, pafupifupi peji iliyonse alembapo too informal, pena subjective, pena angofunsa kuti says who? Ine nkhaniyi ndimaidziwa bwino, ndinakulira konko, mng'ono wanga weniweni anasiya sukulu ali fomu 2 chifukwa cha mimba, nde akamati says who ndimamva ngati akundinena kuti ndikunama. Anzanga akuti ndichotse I paliponse ndiike the researcher, komanso ndisakesake mawu akuluakulu kuti zimveke za ku yunivesite. Wina akuti ndingoponya mu ChatGPT ikonza yokha. Kwatsala miyezi iwiri kuti ndipereke. Nditani?"

Achemwali, choyamba khazikani mtima pansi. Chaputala chikabwerako chofiira sindiye kuti mwalephera ayi, ndipo kunena zoona supavaiza woopsa ndi uja amangoti zili bwino pitirizani asanawerenge n'komwe, chifukwa zolakwika zonsezo zimakakudikirani kwa woyesa wakunja amene sakukudziwani ndipo sangakumvereni chisoni. Wanuyu wawerenga peji ndi peji mpaka kulembapo, ndiye kuti ntchito akugwira. Pa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga mapepala a ana asukulu ndaona kuti amene amalemberedwa kwambiri mawu akuti subjective ndi aja asankha mutu umene ukuwakhudza pamtima ngati inuyo, ndipo nthawi zambiri omwewo ndi amene amadzatulutsa ntchito yabwino akangomvetsa chimene akufunsidwa. Miyezi iwiri ikwana bola muyambe sabata ino.

Tisiyanitse kaye zinthu, chifukwa supavaiza wanu wadandaula zinthu ziwiri ndipo anzanu aja azisakaniza. Akalemba kuti informal akunena za kamvekedwe ka chilankhulo chanu, kuti chikumveka ngati cha pa macheza. Akalemba kuti subjective kapena says who akunena za umboni, kuti mwanena chinthu koma simunaonetse pamene mwachitenga. Choyambacho mutha kuchikonza Loweruka limodzi mutakhala pansi ndi laputopu. Chachiwirichi nde ntchito yeniyeni, ndipo sichikonzedwa posintha mawu.

Tiyambe ndi chophwekacho tithane nacho. Mawu odula monga don't, can't, it's alembeni athunthu. Zizindikiro zofuula zija chotsani zonse. Owerenga musawalankhule kuti you ngati muli nawo pa khonde. Mafunso aja ofunsa mopanda kufuna yankho, monga akuti kodi atsikana athu tiwalekerera mpaka liti, ndi abwino pa msonkhano kapena pa ulaliki koma mu dissertation funso limene mwafunsa muyenera kuliyankha ndi data. Mawu akuti as we all know, a lot, etc nawonso achoke, chifukwa onsewo ndi njira yothawira kunena chinthu chenicheni, ndani akudziwa, angati, ndi chani chinanso chimene mwabisa mu etc muja.

Ambirife vutoli tinalitenga ku sekondale ndipo si mlandu wathu. Pokonzekera MSCE tinkauzidwa kuti chimangirizo chabwino chimayamba ndi mwambi, chikhale ndi zining'a, mawu okometsera, ndipo malikisi ankabweradi. Ku yunivesite malamulo amasintha koma palibe amene amakuitana kukuuza kuti asintha, umangozindikira inki yofiira yachuluka. China chimene chimativuta ife ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu sumutchula dzina lokha, ndiye mwana wasukulu amalemba kuti Pulofesa wakuti wakuti, katswiri wodziwika bwino, ananena mwanzeru kuti... Ayi. Mu kalembedwe ka APA kapena Harvard, zomwe ndi njira zotchulira olemba amene mwatengako mfundo, mumangolemba dzina la bambo ndi chaka, basi, kaya munthuyo ndi pulofesa kaya ndi mnzanu wa masters. Zimamveka ngati mwano koma cholinga chake n'chakuti mfundo iyesedwe payokha osati chifukwa cha udindo wa amene wainena. Kuthokoza Mulungu, mayi anu, mng'ono wanu, zonsezo zili ndi malo ake kumayambiriro pa peji ya dedication ndi ya acknowledgements, kumeneko lembani mmene mtima wanu ukufunira palibe amene angakuletseni.

Za mawu akuluakulu zija, anzanu akunamizani. Ndimaziona chaka chilichonse, munthu wadina kumanja pa Word kusaka synonym iliyonse yooneka yovuta, mapeto ake chiganizo chikunena zimene mwini wake sankafuna kunena, ndipo ukamufunsa kuti apa ukutanthauza chani amayankha bwinobwino m'mawu osavuta, ine n'kumuuza kuti lemba zomwe wanenazo. Kuphulitsa chizungu si kulemba mwaukatswiri. Chimene chikufunika ndi kulunjika, komanso kugwiritsa ntchito mawu amodzimodzi pa chinthu chimodzimodzi kuyambira peji 1 mpaka kumapeto. Ku sekondale kubwereza mawu kunali kulakwa, kuno kusinthasintha mawu nde kulakwa, chifukwa owerenga amaganiza kuti mwayamba kunena chinthu china. Ndipo inuyo pa mutu wanuwu muyenera kunena poyera kuti mukamati mtsikana wasiya sukulu mukutanthauza chani. Amene wajomba teremu yonse? Amene sanabwerere chaka chotsatira? Nanga amene anapita kukabereka n'kubwerera, poti kuyambira 1993 kuno kwathu kuli ndondomeko yolola atsikana kubwerera ku sukulu akachira, ameneyo mukumuwerenga kapena ayi? Mukapanda kulongosola zimenezi manambala anu onse amakhala opanda tanthauzo ngakhale chizungu chake chikhale chakupsa bwanji.

Tsopano nkhani ya I ndi the researcher, imene imazunguza ana asukulu ambiri. Anthu amaganiza kuti kuyambira kalekale asayansi sankadzitchula okha, koma si zoona. Bungwe la Royal Society la ku London linakhazikitsidwa mu 1660 ndipo mu 1665 magazini ya Philosophical Transactions inayamba kutuluka, zambiri zimene zinkatuluka mmenemo zinali makalata, munthu kufotokoza kuti ndinachita chakuti ndinaona chakuti. Isaac Newton mu 1672 anafotokoza zimene anapeza zokhudza kuwala ndi mitundu m'njira yomweyo, akudzitchula yekha. Ngakhale pepala lija la Watson ndi Crick la 1953 mu magazini ya Nature, lofotokoza mapangidwe a DNA, liwu lake loyambirira lenileni ndi la Chingerezi lija lakuti we, kutanthauza ife. Masiku ano buku la malamulo a APA, limene kope lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, limalimbikitsa kuti pofotokoza zimene mwachita inuyo mulembe I, kapena we ngati mwalemba angapo, osati kudzitchula ngati munthu wina. Chifukwa chake n'chomveka, mukalemba kuti the researcher anapeza chakuti m'ndime imene mwangotchula kumene ofufuza ena atatu, owerenga sadziwa kuti mukunena uti.

Koma apa mumve bwino. Ma dipatimenti amasiyana, ena mpaka lero amafuna the researcher kapena this study, ena amafuna passive, kulemba kuti chakuti chinachitidwa osatchula wochita, ndipo amene akuyika malikisi ndi iwowo osati ine. Pezani kabuku ka malangizo a dissertation ka dipatimenti yanu, ngati kalibe funsani supavaiza funso limodzi lachindunji, mukufuna I kapena ayi, ndiye tsatirani zomwezo pepala lonse osasakaniza. Nkhondo imeneyi si yofunika kuimenya. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti kusintha I believe kukhala the researcher believes sikukonza kalikonse, maganizo aja akadali opanda umboni, mwangowabisa kumbuyo kwa mawu ena, ndipo supavaiza wanu adzalembanso says who pomwepo.

Nde tafika pa funso limene lakupwetekani lija. Says who si chipongwe, ndi funso lenileni lofuna yankho. Ganizirani mboni ku khoti. Woweruza amafuna kudziwa kuti ichi munachiona ndi maso anu, ichi munachimva kwa wina ndipo winayo ndani, ichi mukungoganiza. Mboni ikasakaniza zitatuzi umboni wake umagwa ngakhale ikunena zoona. Pepala la kafukufuku lilinso chimodzimodzi, chiganizo chilichonse chiyenera kuonetsa kuti ndi cha mtundu uti, zimene ena anapeza ndipo mwawatchula, zimene inu mwapeza mu data yanu, kapena mmene inu mukuzitanthauzira. Maganizo anu saletsedwa ayi, dissertation yopanda maganizo a mwini wake ndi yakufa. Choletsedwa ndi kuwalemba ngati ndi mfundo yodziwika kale pamene simunaonetse njira imene mwadzera kuti mufike pamenepo.

Pepala lanu sindinaliwerenge, koma pa mitu ngati wanuwu chiganizo chimene chimabwera kawirikawiri ndi chonga ichi, ndichilemba mu Chichewa kuti timvane: "Atsikana ambiri ku Malawi amasiya sukulu chifukwa makolo awo ndi osazindikira ndipo amawakakamiza kukwatiwa, zomwe ndi zomvetsa chisoni kwambiri." Chikumveka bwino eti? Koma tachiyang'anitsitsani. Ambiri ndi angati, mwa angati, chaka chiti? Ku Malawi, pamene inu mukufufuza masukulu angapo a boma limodzi? Mawu akuti chifukwa ndi olemera kwambiri pa onse, akunena kuti ukwati ndi umene wachititsa, pamene mwina mtsikanayo anasiya kaye sukulu atasowa fizi kapena atatopa ndi mtunda, n'kudzakwatiwa patapita chaka ali kale pakhomo. Osazindikira ndi chigamulo chimene mwapereka pa anthu amene simunalankhule nawo. Ndipo zomvetsa chisoni ndi mmene inu mukumvera, zimene ndi zoona koma owerenga sangazitsimikize kapena kuzitsutsa.

Mmalo mwake mutha kunena kuti kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16, amene anachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi 42 mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mutha kuonjezera kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi. Kenako munene chilungamo kuti nambala imeneyi payokha sikutiuza chimene chinayamba pakati pa kusiya sukulu ndi kukwatiwa, ndipo ndi mpata umenewu umene kafukufuku wanu akufuna kuunika m'masukulu akuti ndi akuti. Mwaona, palibe pamene mwalemba kuti ndi zomvetsa chisoni, koma aliyense wowerenga 42 pa 100 chisoni chimugwira yekha, ndipo sangakutsutseni chifukwa mwamuuza kumene angakaone. Musangokopera nambalayi kwa ine, kapezeni lipotilo mulione ndi maso anu, muonenso ngati patuluka lina latsopano, chifukwa woyesa adzafunsa kuti bwanji mwagwiritsa ntchito data yakale.

Mukadzafika pa zimene mwapeza inuyo, samalani kukula kwa mawu. Tiyerekeze mwacheza ndi atsikana 20 ndipo 12 atchula fizi. Lembani kuti 12 mwa 20 anatchula fizi. Musalembe kuti kafukufukuyu watsimikiza kuti umphawi ndi umene ukuchotsa atsikana m'masukulu a ku Malawi, anthu 20 sangatsimikize zimenezo, ndipo kusandutsa 12 kukhala 60 peresenti pa gulu laling'ono chonchi kumangopangitsa kuti zioneke zazikulu kuposa mmene zilili. N'chifukwa chake mumaona ofufuza akulemba suggests, may, appears mmalo mwa proves. Sikuti ndi amantha, akungoyeza kuti mawu asapitirire pamene umboni walekezera. Koma naponso ena amapyola muyeso, chiganizo chimodzi muli may, possibly, perhaps, mpaka owerenga osadziwa ngati munthuyu wapeza kanthu kapena ayi. Pamene muli ndi umboni nenani molimba mtima. Pamene mukutanthauzira, liwu limodzi losonyeza kusamala ndi lokwanira.

Chizindikiro chachikulu chakuti munthu akulemba mosakondera ndi mmene amachitira ndi zinthu zimene sizikugwirizana ndi zomwe ankayembekezera. Pali kafukufuku amene muyenera kumuwerenga ndithu chifukwa anachitikira konkuno, m'boma la Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, ndipo Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anafalitsa zotsatira zake mu 2011 mu Quarterly Journal of Economics. Atsikana ena ndi mabanja awo ankapatsidwa ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati mtsikanayo akupita ku sukulu, ena ankapatsidwa popanda lamulo lililonse. Pa nkhani yokhalabe pa sukulu, ndalama zokhala ndi lamulo zija zinathandiza kwambiri, monga mmene ambiri akanaganizira. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati zinatembenuka, ndalama zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa kwambiri, makamaka chifukwa atsikana amene anasiya sukulu ankalandirabe kenakake pamene anzawo a gulu lina lija akangosiya sukulu ndalama zinkaduka. Zikanakhala zosavuta kulemba mbali imodzi yokha yosangalatsa, koma analemba zonse ziwiri, ndipo kwa ine mbali yachiwiriyo ndi imene imapangitsa pepalalo kukhala lofunika. Inunso mukapeza mtsikana amene akuti makolo ake ankamuchonderera kuti abwerere ku sukulu koma iye anakana yekha, musamubise chifukwa akusokoneza nkhani imene munabwera nayo. Mulembeni, ndipo mumupatse ndime yake.

Ichi chikutifikitsa pa mng'ono wanu. Sindikuuzani kuti mumuiwale kapena munamizire kuti nkhaniyi sikukukhudzani, zimenezo sizitheka ndipo sizofunika. Kukulira konko kukupatsani zinthu zimene wofufuza wochokera ku tauni alibe, mukudziwa chilankhulo, mukudziwa mmene anthu amazungulira akafuna kunena za mimba, mukudziwa amene muyenera kuyamba kumuona musanalowe m'mudzi. Koma kukubweretseraninso chiopsezo chakuti muzimva nkhani ya mng'ono wanu m'kamwa mwa mtsikana aliyense ngakhale iye akunena zina. Mu kafukufuku wocheza ndi anthu, njira yovomerezeka ndi kunena poyera mu chaputala cha methodology, chofotokoza mmene mwachitira kafukufuku, pa kagawo kamene amakatcha positionality kapena reflexivity, kuti ndinu wa dera lomwelo, kuti nkhaniyi inakhudzapo banja lanu, ndi zimene mwachita kuti izi zisapotoze zotsatira. Ndime imodzi kapena ziwiri, modekha, osalira. Woyesa wanzeru amakhulupirira kwambiri munthu amene waulula pamene waima kusiyana ndi amene akudzionetsa ngati alibe mbali. Koma nkhani ya mng'ono wanu isakhale umboni mu chaputala 1, ndipo musamutchule m'njira yoti anthu amuzindikire iye asanavomere, dissertation imakakhala mu laibulale ndipo masiku ano zambiri zimafika pa intaneti.

Chinanso, kusakondera sikuyambira pa kulemba ayi, kumayambira pa mafunso amene mukufunsa. Mukafunsa kuti kodi makolo anu anakukakamizani kukwatiwa, mwamuikira kale yankho m'kamwa, ndipo mtsikana wa kumudzi amene akuona mlendo wa ku yunivesite ali ndi kope m'manja nthawi zambiri amavomera zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Funsani kuti tandiuzeni mmene zinakhalira mpaka munasiya sukulu, kenako khalani chete amalize. Ngati simunapite kukatolera data, tengani mafunso anu onse muwaone ndi diso limeneli musanawapereke kwa supavaiza. Mawu amene mukuwatchulira atsikanawa nawonso muwasamale mbali zonse ziwiri, onyoza monga akuti anadzitengera mimba, komanso achisoni kwambiri amene amawasandutsa anthu opanda nzeru zawozawo. Nenani chimene chinachitika, anatenga mimba ali fomu 2, anakwatiwa ali ndi zaka 16, basi.

Malo amodzi okha amene chilankhulo cha pa macheza chimaloledwa, ndipo chimafunika, ndi m'mawu a anthu amene mwacheza nawo. Mtsikana akanena mokhadzula, mwachinyamata, kapena ndi mwambi, musamukonzere kuti amveke ngati lekichala. Mutanthauzireni mokhulupirika, ndipo ngati dipatimenti ikulola ikani mawu ake enieni a Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka pambali pa Chingerezi chake kuti wodziwa chilankhulocho athe kuona yekha ngati mwamasulira bwino. Ndaonapo mapepala amene agogo a kumudzi akulankhula ngati lipoti la bungwe, ukawerenga umadziwiratu kuti awa si mawu awo.

Za ChatGPT. Kuyambira pamene inatuluka kumapeto kwa 2022 tikuona mapepala osalala bwino koma opanda kanthu mkati. Ikhoza kukuchotserani don't ndi can't, zoona, koma zimenezo mutha kuchita nokha. Vuto lanu lalikulu lija la says who siingalithetse chifukwa sinapite kumudzi kwanu, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti imatha kupeka mabuku ndi mayina a olemba amene kulibe, zooneka bwinobwino ndi chaka chomwe, supavaiza akafufuza limodzi n'kupeza kuti kulibe, nkhani imachoka pa kalembedwe n'kukhala ya chinyengo, ndipo imeneyo imatha kukuchotsetsani sukulu. Musaponyemonso zimene atsikana akuuzani mwachinsinsi, munawalonjeza kuti zikhala pakati pa inu ndi iwo. Fufuzani kuti malamulo a yunivesite yanu akuti chani pa zida zimenezi musanazikhudze n'komwe. Chimodzimodzi aja amalemba pa magulu a WhatsApp kuti timalembera anthu ma dissertation, tsiku loteteza pepala lanu mudzaima nokha ndipo funso loyamba lokha limaulula amene sanalembe yekha.

Nde muchite chonchi. Musayambe ndi kukonza machaputala onse awiri, mutopa pachabe mwinanso kukonza molakwika. Tengani peji imodzi imene yafiira kwambiri, sindikizani, mutenge zolembera za mitundu itatu, chiganizo chilichonse muchonge ngati chikuchokera kwa ena, kwa inu mwini mu data, kapena ndi kutanthauzira kwanu. Chimene sichikulowa paliponse, kapena mwachichonga kuti ndi cha ena koma palibe dzina ndi chaka, chimenecho mukachisakire umboni kapena chichoke. Mudzadabwa kuti mu chaputala 1 ndi 2 pafupifupi zonse ziyenera kukhala za mtundu woyamba, poti data yanu simunaifike. Mukailembanso pejiyo, pitani nayo kwa supavaiza pamodzi ndi yakale ija mufunse kuti kodi izi ndi zimene mumatanthauza. Akavomera mwapeza chitsanzo chokonzera zina zonse. Pemphaninso kuti akuonetseni dissertation imodzi kapena ziwiri za m'dipatimenti mwanu zimene zinakhoza bwino, ndipo poziwerenga musamangoona zimene akunena, onani mmene akuyambira ndime, mmene akutchulira olemba ena, pamene akulimba mtima ndi pamene akusamala.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati mukusowa mabuku ndi mapepala oti mutsamirepo, pitani kwa ogwira ntchito mu laibulale, ambiri sadziwa kuti anthu amenewa amatha kukuonetsani kasakidwe ka majonolo amene yunivesite imalipira komanso kalembedwe ka ma reference. Ngati mwa atsikana amene mukufuna kucheza nawo muli osakwana zaka 18, kapena mukuganiza kuti patuluka nkhani za kugwiriridwa, musapite kumudzi musanalandire chilolezo cha komiti yoona za ethics, imene imaonetsetsa kuti kafukufuku sakuvulaza anthu ofunsidwa, kaya ya pa yunivesite yanu kaya ya ku National Commission for Science and Technology, ndipo mufunse supavaiza pasadakhale kuti mwana akakuululirani za nkhanza mukanene kuti, chifukwa zimenezo sizosunga mu kope lanu. Chilolezo chimatenga nthawi, pa miyezi iwiri yanuyi chimenechi ndi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa chizungu, nde ngati simunapemphe kafunseni mawa lomwe. Ngati mwakonza kawiri katatu koma supavaiza akungobwezabe mawu omwewo osalongosola, kapena wasowa masabata angapo osayankha, lembani imelo yaulemu yokhala ndi madeti kwa amene amayang'anira ma dissertation m'dipatimenti, osadikira sabata yomaliza. Ndipo ngati kumva nkhani za atsikanawa kwayamba kukusowetsani tulo chifukwa cha zimene zinachitikira mng'ono wanu, kaonaneni ndi mlangizi wa ana asukulu kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, zimachitikira ofufuza ambiri amene amagwira mitu yolemera ngati imeneyi.

Mukailembanso peji ija, ngati mukufuna munditumizire ndime imodzi yokha, yakale ndi yatsopano, muchotsemo mayina a anthu ndi a masukulu, ndiiona.